Funso: beam ya LHC ikaphonya njira, chimateteza makinawo ndi chani?

Nabanda92:
Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo ndimaphunzitsa ana a fomu 4 za maginito nde tinafika pa LHC ija ya ku CERN (malo ofufuzira za sayansi), makina othamangitsa ma proton ozungulira makilomita 27 ali pansi pa nthaka kumalire a Switzerland ndi France. Ndinawauza kuti ma proton, tizidutswa ta mkati mwa atomu, amazungulira mupaipi ya makinawo ka 11,245 pa sekondi imodzi, mpaka apo zinali bwino. Kenako kamtsikana kena kakuti madam, nanga akaphonya njira nkugunda paipi? Ndinangoti tiona mawa, koma usiku onse sizinandichoke mmutu. Ndawerenga kuti beam imodzi, mzere wa ma proton ozungulirawo, imasunga mphamvu yokwana kusungunula mkuwa makilogalamu 500, nde zimatheka bwanji chinthu chotero kuyenda maola ambiri osaononga kanthu? Pali munthu amakhala pa batani kapena?

Tadala_K:
Madam, mwanayo wafunsa funso lomwe a ku CERN anaswera mitu zaka zambiri. Batani lilipo ku control room yawo ku Prévessin koma munthu amachedwa, beam imamaliza raundi imodzi mu ma microsecond 89 (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni), pomwe inu mukuphethira kamodzi yazungulira kale kopitilira ka 1,000. Nde amagamula ndi makina. Mmbali mwa maginito anamangilira timachubu ta gasi topitilira 3,500, ma beam loss monitor, tomwe timamva ma proton akayamba kutayikira pomwe sakuyenera. Kachubu kamodzi kokha kakawerenga kupyola malire ake, chilolezo choti beam ikhalemo chimachotsedwa pompo, ndipo mkati mwa maraundi atatu basi beam yonse yatulutsidwa.

Katulutsidwe kakeko ndi komwe kamandigwira mtima ine. Mu mzere wa ma proton amasiya dala mpata opanda kanthu wa ma microsecond 3, ndipo maginito ena othamanga kwambiri, ma kicker, amayaka ndendende nthawi yomwe mpatawo ukudutsa, chifukwa atati ayake ma proton ali pakati angawamwazire mmakoma. Akatero beam imakhotera mu tanelo ina ya mamita pafupifupi 700 nkukagwera pa chimtanda cha graphite chotalika mamita pafupifupi 8. Ngakhale apo saiponya pamalo amodzi ayi, amaipukusa kuti ilembe ngati chilembo cha e, apo bii graphite yomweyo ingaonongeke.

Bambo_Waya:
Ine ndi wamagetsi chabe, ndimamanga ma bodi a mnyumba ndi mzigayo, koma ndikumva ngati ndi nkhani ya breaker, ikaona zachilendo imagwa kaye mafunso pambuyo. Chomwe sindikumvetsa achemwali, ngati chitetezo chili chonchi nanga 2008 chinachitika nchani? Ndimakumbuka tinamva pa wailesi kuti makina atsopano aja afa patangotha masiku ochepa.

Mavuto_phys:
Bambo, za 2008 sinali beam. Pa 19 Sepitembala mu paipi munalibe proton ndi imodzi yomwe, ankangoyesa kukweza karenti mmaginito a chigawo china cha makinawo chotchedwa sector 3-4. Joini imodzi pakati pa maginito awiri sinaotcheredwe bwino, inuyo mukudziwa kuposa ine mmene joini yotero imatenthera, inasungunuka, moto wamagetsi unaboola mosungira helium yoziziritsira maginito, matani pafupifupi 6 anatuluka mwamphamvu mpaka kuzula maginito ena pomwe anamangidwa. Maginito 53 anachita kuwatulutsa pansipo, beam inabweranso Novembala 2009.

Koma zikugwirizana ndi funso la madam apa. Maginito akuluakulu aja alipo 1,232 ndipo waya wake alibe resistance pokhapokha akazizira kwambiri, nde amawasunga pa 1.9 K, ndiko kuti -271°C. Ma proton ochepa kwambiri akalowa mu wayamo, mphamvu yochepetsetsa ya ma millijoule owerengeka pa kachidutswa kangati nsawawa, malowo amafunda pang'ono nkutaya mphamvu ija pomwe karenti yopitilira ma ampere 11,000 ikudutsabe. Ndiyo amati quench. Chodabwitsa nchakuti mankhwala ake ndi kutenthetsa dala waya yense wa maginito amene afundawo ndi ma heater kuti kutenthako kugawike, kusaunjikane pakamalo kamodzi nkuotcha waya.

Ndipo beam siikhala yaukhondo, nthawi zonse pamakhala ma proton ena oyendera mmphepete. Amenewo amakoledwa ndi ma collimator opitilira 100, ambiri ali pamalo awiri a mu tanelomo otchedwa Point 3 ndi Point 7, nsagwada za carbon ndi tungsten zomwe zimayandikira mpaka beam kumadutsa pampata wa mamilimita ochepa chabe. Chomwe chinawavutitsa kwambiri ndi fumbi, eee fumbi lenileni, kakagwera mu beam ma monitor amakuwa kwa millisecond imodzi beam nkutayidwa. Tifumbi timeneti anatitcha ma UFO. Poyamba ankataya beam pafupipafupi, kenako anayamba kukweza malire a ma monitor ena mosamala kuti kafumbi kalikonse kasamaimitse ntchito, ndipo ine ndimaona kuti apa mpomwe pali ntchito yovuta zedi, chifukwa ukatsitsa malire sayansi siyenda, ukakweza kwambiri ukuika maginito pachiswe.

Nabanda92:
Zikomo achimwene, ya nsawawayo ndiigwiritsa ntchito mkalasi. Nanga akaitaya choncho amangoyatsanso pompo?

Tadala_K:
Ayi madam, zimatenga maola. Maginito amatsitsidwa kaye, ndipo amayang'ana zomwe ma kompyuta ajambula mmasekondi omaliza kuti adziwe chinayambitsa nchani, asanamvetse salowetsa beam ina. Akayamba satumiza yonse, amatsogoza kagulu kamodzi kofooka, pilot bunch, kuchokera ku SPS, makina ang'onoko omwe amaponya ma proton mu LHC, pa mphamvu ya 450 GeV, koti ngakhale katasokera sikangaboole kanthu, ndipo makinawo amakana kulandira beam yaikulu ngati kameneka sikakuzungulira kale. Kenako amadzaza, nkukweza mphamvu mpaka 6.8 TeV (6,800 GeV) mu maminitsi pafupifupi 20. Chaka chilichonse akatsegulanso amayamba ndi timagulu towerengeka nkumaonjezera pang'onopang'ono kwa masabata mpaka kupitilira 2,000.

Kamtsikanako mukakauze kawerengetse kokha pa bolodi, 1 kugawa ndi 11,245, kenako kuchulukitsa ndi 3, kaone nthawi yomwe makinawo ali nayo.