Ndingalembe bwanji ubwenzi wa amayi awiri a m'nthawi ya nkhondo?

Olemba anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Ndikulemba nkhani yopeka ya amayi awiri a ku Britain amene anadziwana m'fakitale ya zipolopolo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1918 lamulo linalola amayi ena oyambira zaka 30 kuvota, motero wamkulu akuponya voti pamene mnzake wamng'ono akudikira mpaka 1928, ndipo apa ndi pamene ubwenzi wawo ukuyamba kugwedezeka.

Chikundivuta n'chakuti akamacheza akumveka ngati amayi a masiku ano, zomwe ineyo ndikuziona ngati bodza. Kodi ndingatani kuti aziganiza monga anthu a nthawi yawo popanda owerenga kuwayesa opepera? Nanga makalata amene amayi ankalemberana angandithandize kuposa mabuku a mbiri yakale?