Nkhukundembo ya Khirisimasi kwa azakhali ku Leeds

Azakhali (Leeds): Nkhukundembo ndagula, ya makilogalamu 6, ili mu firiza. Ndalama ndatulutsa m'thumba mwanga. Pa makomo 7, atatu okha ndiwo apereka mapaundi 25 aja.

Malume: Ine ndinanena kalekale, tigule mbuzi. Khirisimasi ndi mpunga ndi mbuzi.

Mzime: Malume mwayambanso 😂

Achemwali aakulu: Yagulidwa basi. Chachikulu chaka chino ituluke yofiira. Tisadyenso yotuwa ngati nkhuku yomwe angoisosola kumene.

Mlamu: Uvuni wa nyumba ija aliyense anauona. Ndangodutsa.

Achemwali aakulu: Sindinatchule munthu, mlamu.

Msuweni: Vuto silinali uvuni. M'thireyi munachuluka madzi, ndipo foyilo inakhalapo mpaka pomaliza. Nthunzi ndi imene imatuwitsa. Khungu lonyowa silifiira, ngakhale mupemphere.

Msuweni: Azakhali, muichotse mu firiza pa 21 madzulo, isungunukire mu firiji, shelefu yapansi. Kilogalamu iliyonse imafuna maola 10 mpaka 12, ndiye ndi masiku atatu amenewo. Osaiika pafupi ndi hita.

Azakhali (Leeds): Ndiye firiji yanga yonse yapita. Zakumwa aliyense asunge kwake.

Msuweni: Pa 24 muchotse kathumba ka zam'kati, muipukute ndi mapepala a kukhitchini mpaka iume, muipake mchere, igone mu firiji yosavindikira. Mphepo ya mu firiji imaumitsa khungu.

Azakhali (Leeds): Osaitsuka?

Msuweni: Osaitsuka. Madzi amangomwaza majeremusi pa sinki ndi pa mbale. Moto ndi umene umawapha.

Malume: Nthutumba ndi yanga, musaitaye. Komabe mbuzi siifuna masiku atatu.

Mayi aang'ono (Zomba): Moni nonse. Agogo akuti mvula yagwa bwino, chimanga chamera, koma feteleza wobereketsa palibe. Akufunsa ngati mwawaiwala.

Mzime: Agogo 😍 tiwaone pa vidiyo pa 25

Achemwali aakulu: Za feteleza tinasonkha mu Okutobala. Amene anasunga ndalamazo afotokoze.

Mlamu: Achimwene a ku Luton ndiwo anatumiza.

Achemwali aakulu: Achimwene, mauthenga mukuwerenga, tikukuonani.

Mayi aang'ono (Zomba): Kuno linafika thumba limodzi lokulitsa. Ine sindikudziwa zambiri.

Malume: Mwaona? Ngati za chiliza zija.

Azakhali (Leeds): Malume, za chiliza ayi, lero ayi. Msuweni pitiriza, ndikulemba.

Msuweni: M'mawa wa pa 25 ituluke mu firiji ola limodzi isanalowe mu uvuni. Batala wofewa, wina mulowetse pansi pa khungu la pachidali ndi zala, pang'onopang'ono lisang'ambike, wina mupake pamwamba ponse. Pansi pa thireyi anyezi ndi karoti, mbalame ikhale pamwamba pake, isamire mu msuzi.

Msuweni: Madigiri 180, kapena 160 ngati uvuni ndi wa fani. Mphindi 40 pa kilogalamu, ndiye maola 4. Foyilo muiyale mosamanga, kwatsala mphindi 40 muichotse, mukweze moto kufika 200. Apo ndi pamene imafiira. Mapiko akayamba kuda, muwakulunge okhawo.

Mlamu: Ine ndinaona ena akupaka uchi.

Msuweni: Uchi umapserera msanga. Ngati mukuufuna, mphindi 15 zomaliza zokha. Komanso osamangotsegula uvuni kuti muone, kutentha kumathawa.

Achemwali aakulu: Mwamva amene mumatsegula aja.

Mlamu wachoka pa gulu
Mzime wabwezeretsa Mlamu

Mzime: Tiyeni tikhale bwino abale, ndi nkhukundembo chabe iyi

Azakhali (Leeds): Ndidziwa bwanji kuti yapsa m'kati? Kufiira kokha kumanamiza.

Msuweni: Ndibwera ndi kopimira kanga ka kuntchito. Pa ntchafu pokhuthala pafike madigiri 75, ndipo msuzi wotuluka mukabaya usakhale ndi magazi. Ikatuluka ipume mphindi 30 kapena kupitirira musanadule, apo ayi chidali chiuma. Musaikulunge zolimba, khungu lingafewenso.

Azakhali (Leeds): Ndiye ilowe 9 koloko, tidye 2 koloko. Batala ndi foyilo wina agule pa 23, masitolo akuluakulu satsegula pa 25. Sitima nazonso siziyenda tsikulo, a ku Manchester mubwere pa 24.

Mzime: Tigona pati?

Azakhali (Leeds): Pabalaza. Bwera ndi bulangete lako ndi mapaundi 25 ako.

Mzime: Ndilandira Lachisanu azakhali 🙈

Malume: Ine ndibweretsa mwendo wa mbuzi. Amene safuna asadye.

Achemwali aakulu: Bweretsani, koma 25 ija ikhalepo, malume. Ndipo mu uvuni mulibe malo.

Achimwene (Luton): 👍

Achemwali aakulu: Chala chimenecho ndi cha feteleza kapena cha nkhukundembo?