Kasitomala akuti "mwangodinadina pa kompyuta", ndimulipiritse bwanji?

Mayi_wa_ku_Kabwata:
Moni nonse. Ndimalembera mabuku a ndalama eni mashopu a ku Kamwala ndi kuno kwathu ku Kabwata, mu Lusaka. Amanditumizira zithunzi za malisiti pa WhatsApp, ine n'kuzilowetsa mu Excel, kenako n'kuwatumizira za ZRA (bungwe lotolera misonkho kuno ku Zambia) ndi NAPSA (bungwe la penshoni ya antchito) pa intaneti. Chikundivuta ndi mtengo. Dzulo bambo wina wogulitsa misomali ndi malata anakhala pambali panga, ndipo ndinamaliza ntchito yake tiyi asanazizire. Anaseka, amvekere, "Zimenezi ndiye K400? Mwangodinadinatu apa." Akuti mwana wawo wa ku sekondale angazichite ndi ChatGPT. Kodi ndizilipiritsa pa ola? Kapena ndiwasiye a kuno, ndikasake makasitomala akunja pa Fiverr, webusaiti yopezerapo maganyu?

Mkulu_wa_ku_Chilenje:
Mayi, za pa olazo iwalani. Mukamazolowera ntchito mumafulumira, ndiye mwati malipiro azitsika chifukwa mwaidziwa bwino? Muziuzana mtengo wa pa mwezi, ndalama izilowa pa Airtel Money kapena MoMo mwezi ukangoyamba.

Chinanso, bamboyo sanaone chimene mwamuchitira, anangoona zala. Muwerengereni. PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) ndi NAPSA ziyenera kulowa pofika pa 10 mwezi uliwonse. Ya NAPSA ndi 5 peresenti ya wantchito ndi 5 ina ya bwana, NHIMA (inshuwaransi ya zaumoyo) ndi 1 peresenti mbali iliyonse, ndipo akachedwa pali chindapusa. Iyeyo pa 10 amakhala akuthamangitsa lole ya simenti, za masiku sazikumbuka. Mwana wa ku sekondaleyo akalakwitsa nambala imodzi, adzapita ndani kukafotokoza ku ZRA?

Ine anga ndimawapatsa pepala limodzi mwezi ukatha: katundu amene wagona pa shelefu osayenda, amene akutha msanga, ndi mayina a angongole. Mayi wina wa zitenje ataona pepalalo anazindikira kuti ndalama zake zambiri zili m'manja mwa anthu otenga pa ngongole, ena mpaka achibale. Kuyambira pamenepo sanatsutsenso mtengo. Ndipo musamagwire ntchito iwo ali chikhalire pambali panu, amenewo ndi malangizo aulere.

Kalingalinga_Designs:
Fiverr ndinayesako ndi ma logo. Amadula 20 peresenti pa chilichonse mwapeza, ndipo mukulimbirana ntchito ndi anthu a ku India, Pakistan ndi Philippines amene makasitomala anawapatsa kale nyenyezi zambirimbiri zowayamikira. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankabwera pakati pa usiku, ine n'kumadzuka ngati mfiti kukatchaja laputopu. Kasitomala wa ku London za Kariba sizimukhudza, akufuna ntchito pa nthawi yake basi. Inuyo muli ndi chinthu choti wa ku Pakistan sangakulandeni: mumadziwa malamulo a msonkho a kuno, ndipo mungakhale pansi ndi wamalonda n'kumufotokozera m'Chinyanja. Phunzirani Smart Invoice, njira ya ZRA yotulutsira malisiti pa kompyuta, bwinobwino, olembetsa VAT ambiri ikuwazunguza mutu.

Wa_shopu_ku_Soweto:
Ndiyankhuleko ine wolipirayo. Sikuti ndife aumbombo. Ndikagula thumba la shuga ndimalinyamula, ndimadziwa kulemera kwake. Koma inu mukuti "ndatumiza", ine ndilibe chogwira m'manja. Wondilembera mabuku wanga woyamba ankatenga ndalama mwezi ndi mwezi, kenako ndinadzamva kuti palibe chimene ankatumiza. Munthu akapsa ndi phala amauzira ndi madzi omwe. Mukatumiza, tiponyereni chitsimikizo chochokera ku ZRA pa WhatsApp tsiku lomwelo, tidzalipira mosanyinyirika.

Komanso akulu a ku Chilenje musamunyoze kwambiri mwanayo. Zolowetsa manambala zokhazo makinawa akuzithadi, mdzukulu wanga anajambula lisiti n'kundionetsa. Chimene ndingalipirire n'choti wina andiuze kuti mafuta ophikira ndikugulitsa moluza.

Mayi_wa_ku_Kabwata:
Zikomo kwambiri nonse. Za chitsimikizozo ndiyamba mwezi uno, n'zosavuta. Akulu a ku Chilenje, pepala lanulo mumaliwerengera m'kati mwa mtengo wa pa mwezi kapena padera? Nanga amene sasunga malisiti n'komwe, amangolemba m'kope la mwana wa sukulu, mumayamba nawo pati?