Gulu la Chitukuko cha Kwathu: Za chipilala cha a Keyala

Mlembi: Abale, mwana wa kwathu amene ali ku Leeds watumiza K900,000. Akuti timange chipilala pamsika, tilembepo maina a asilikali a Keyala (King's African Rifles) a kwathu, tidzatsegulire pa 11 Novembala. Maganizo anu.

Aphunzitsi: Chipilala? Mwa onse amene anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Burma watsala mmodzi, Gogo wa kuseri kwa chigayo. Pitani mukaone. Denga likudontha ponseponse. Mvula ikayamba amatsekera mamendulo awo m'chitini cha mkaka n'kukakhala pakona, chofunda kumutu. Adzagona m'chipilalamo?

Wa ku Joni: Ndalama ndi za mwini wake, ndipo wanena chimene akufuna.

Aphunzitsi: Miyala anthu awa anamangiridwa kale, achimwene. Ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks chipilala chilipo, ku Area 18 ku Lilongwe chilipo. Chimene sanapatsidwe ndi ndalama. Nkhondo itatha mu 1945, msilikali wamba wachizungu ankamuwerengera masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, wakuda masheleni atatu ndi theka. Koma matope a m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 anali omwewo, malungo omwewo, zipolopolo za Ajapani sizinkasankha khungu. Ndiye ifenso, adzukulu awo, tiwapatse mwala wina?

Mayi a ku Ndirande: Bwanji osalankhula ndi a VELOM, bungwe la asilikali opuma, awatengere kunyumba za asilikali okalamba ku Zomba?

Aphunzitsi: Anakana kalekale. Akuti manda a akazi awo ali konkuno. Tigule malata basi, zotsalazo tigawire amasiye a anzawo.

Wa ku Joni: Malata agula ndani? Omwe aja anagula simenti ya mlatho? Mpaka lero tikuwoloka pa mitengo.

Msungichuma: Mwayambanso. Malisiti ndinaonetsa pamsonkhano, inu munalibe.

Wa ku Joni: Ikani pano mayi, tonse tione.

Msungichuma: Munthu amene sanasonkheko chaka chonse asandifunse malisiti.

Wamng'ono: Pepani akuluakulu, ngati chipilala chimangidwe, dzina la agogo anga likhale pamwamba. Iwo anayambira ku Abyssinia (Ethiopia) mu 1941, enawa asanalembedwe n'komwe.

Wa ku Joni: Agogo ako anali kuki, aliyense akudziwa.

Wamng'ono: Kuki sankaomberedwa? Agogo anu ankadya chiyani kunkhondoko?

Aphunzitsi: Mwaona? Chisanamangidwe mwayamba kale kulimbirana mzere woyamba. Nanga a mtengatenga a nkhondo ya 1914, amene ankasenza katundu wa asilikali pamutu mpaka kufera m'njira, maina awo muwatenga kuti? Kapena iwowo si a kwathu? Ine ndanena: malata, misomali, mmisiri. Mvula siyembekeza komiti.

Mayi a ku Ndirande: Aphunzitsi, perekaniko mpata kwa ena. Gulu lino si kalasi.

Aphunzitsi: Ndakugwirani pakamwa?

Mlembi: Tiyeni tivote. 1 chipilala, 2 malata.

Wa ku Joni: 3, malisiti a simenti.

Msungichuma watuluka m'gulu.

Mlembi: Abale, wina awaimbire mayiwa. Ndalamazo zili pa foni yawo.

Wa ku Leeds: Mwaswera bwanji nonse, ndangoweruka kumene. Mmisiri mwamupeza?