Amene munachita PhD ya computer engineering kunja, ndithandizeni nzeru

Moni nonse abale ndi alongo. Ndili ndi Masters ya zamakompyuta ndipo ndikuphunzitsa pa koleji ina kuno ku Blantyre. Mtima wanga uli pa kafukufuku wa timakina toyeza chinyezi m'nthaka n'kutumiza uthenga pa foni ya mlimi, makamaka kumidzi kumene magetsi kulibe komanso netiweki imangodukaduka.

Chandiimitsa mutu ndi koti ndilowere. Ku Britain PhD imatenga zaka 3 kapena 4, ndipo Commonwealth Scholarship, yomwe imalipirira maphunziro kumeneko, imafuna kuti ukamaliza ubwerere kwanu, zomwe kwa ine si vuto. Ku Germany ambiri ochita PhD ya uinjiniya amalembedwa ntchito yofufuza n'kumalandira malipiro. Pretoria kapena Cape Town kuli pafupi, ndingamabwere kudzaona ana pa Khirisimasi.

Koma chondisowetsa tulo kwenikweni ndi kupeza supervisor, pulofesa woti aziyang'anira kafukufuku wanga. Ndalembera mapulofesa asanu, onse kuli zii. Kodi munayamba mwatumiza proposal yathunthu yofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, kapena kalata yaifupi yodzidziwitsa? Nanga pepala limodzi lokha lofalitsidwa pa msonkhano wa akatswiri likukwanira? Okwatira inu, munapita ndi banja kapena munalisiya kuno?