Ndibatize mwana kapena ndimvere bambo ake? Ndithandizeni abale

Admin chonde ndibiseni dzina. Ndine mayi wa zaka 27, kwathu ndi ku Dedza mbali ya Linthipe. Ndinabadwira mu CCAP ya Nkhoma Synod, ndinabatizidwa ndili wa kumsana, kalasi ndinalowa, ukwati wathu tinadalitsa konkuno. Amuna anga amagwira ntchito ku Joni amabwera kamodzi pachaka, ndiye kumeneko analowa mpingo wa pente mpaka anabatizidwanso chomizidwa, ine ndinangoona chithunzi pa WhatsApp atavala zoyera.

Pano ndili ndi mwana wamkazi wa miyezi 4. Ku tchalitchi alengeza kuti abusa abwera mwezi wamawa kudzadyetsa mgonero ndi kubatiza ana, ndiye mayi anga poti ndi a Chigwirizano alembetsa kale dzina la mdzukulu wawo kwa akulu ampingo osandifunsa nkomwe. Nditawauza bambo ake anakalipa koopsa akuti mwana wanga asathiridwe madzi, akuti ndiwaonetse vesi olo imodzi pamene khanda linabatizidwa. Mayi nawo akuti mwana ndi wa kwathu kuno, mkamwini sangalamule zili ku Joni. Ine ndili pakati tulo sindikugona. Inu odziwa Baibulo ndiuzeni chilungamo, ubatizo wa ana ulimo kapena mulibe?

Mnyamata wa ku Gowa: Mulibe mayi. Werengani Marko 16:16, kukhulupirira kumayamba ubatizo pambuyo. Machitidwe 2:38 Petro akuti lapani ndiye mubatizidwe, khanda la miyezi 4 lilapa chani? Yesu mwini wake makolo anangomupereka ku kachisi ali khanda, ubatizo anakaulandira ku Yordano ali ndi zaka ngati 30. Amuna anu akunena zoona.

Mkulu wampingo, Mlanda: Achimwene a ku Gowa mwaima pa vesi 38, tatsikani pa 39 pomwepo, Petro akuti lonjezo ndi la inu ndi ana anu. Mayi, ndikuuzeni mosabisa, vesi yonena kuti khanda lakuti linabatizidwa kulibe, amuna anu pamenepo sananame. Komanso vesi yoletsa kulibe, ngakhalenso yoonetsa mwana wobadwira m'banja la akhristu akudikira kukula kuti abatizidwe. Ife timayambira pa pangano. Genesis 17:12 Mulungu analamula kuti mwana wamwamuna adulidwe ali ndi masiku 8, Isaki sanafunsidwe ngati wakhulupirira, chizindikiro chinabwera kaye chikhulupiriro pambuyo. Akolose 2:11-12 Paulo akuika mdulidwe ndi ubatizo pamodzi. Ndiye pali mabanja aja, Lidiya ndi a m'nyumba mwake komanso woyang'anira ndende wa ku Filipi ndi ake onse pa Machitidwe 16, banja la Stefana pa 1 Akorinto 1:16. Nchifukwa chake mwana wobatizidwa akakula amalowabe kalasi nkudzavomereza yekha pamaso pa mpingo, sikuti zimathera pa madzi paja.

Mnyamata wa ku Gowa: Koma bambo sizinalembedwe kuti kwa Lidiya kunali makanda, mukungoganizira. Ndipo wa kundende uja vesi 32 ikuti anamulalikira iye ndi onse a m'nyumba mwake, khanda limamva ulaliki?

Mkulu wampingo, Mlanda: Inunso mukungoganizira kuti munalibe. Nyumba iti kuno ku Ntcheu mungalowe osapezamo mwana?

Mayi wa ku Bembeke: Ife akatolika sitichedwa nkomwe, milungu yochepa mwana akabadwa timapita naye kwa abambo mfumu chifukwa cha tchimo lobadwa nalo. Ulimbitso amadzalandira akakula. Mwana kodi mumadikira asankhe yekha katemera?

Mphunzitsi wa ku Lobi: Mkanganowu si wa lero abale ndipo siutha pa gulu pano. Cha m'ma 200 AD mlembi wachikhristu Tertullian wa ku Carthage, mu Africa momuno, analemba kuti ndibwino ana adikire akule, kutanthauza kuti ena anali kubatiza kale makanda nthawi imeneyo. Patapita zaka ngati 50 Cyprian ndi mabishopu anzake mu mzinda womwewo anati osadikira olo tsiku la 8. Mu 1525 ku Zurich, m'dziko la Switzerland, gulu lina linayamba kubatizana ali akuluakulu, ndipo mu 1527 mmodzi wa iwo Felix Manz akuluakulu a mzindawo anamumiza mu mtsinje mpaka kufa chifukwa cha nkhani yomweyi. Akhristu okhaokha. Kuno nako mishoni iliyonse inabwera ndi zake, a Dutch ku Mvera 1889, ansembe ku Mua 1902, a Zambezi ndi a Church of Christ mbali ya Ntcheu omwe amamiza akulu. Langizo langa mayi, musabatize mobisa. Itanani ankhoswe a mbali zonse amuna anu akhale pa foni, chifukwa ichi chikhoza kugwetsa banja.

Mwini funso: Zikomo nonse ndawerenga. Pali china sindinalembe pamwamba paja ndimaopa. Uyu ndi mwana wachiwiri, woyamba wamwamuna anamwalira ali ndi milungu 6, chibayo, nthawi yozizira ya Juni ija, tinali tisanamubatize poti timadikira abusa. Pa maliro mayi wina anandinong'oneza kuti mwana wapita wopanda chizindikiro. Mawu amenewo sanachoke mmutu mwanga mpaka lero, uyu akangotsokomola usiku ine mtima umagunda. Sindikufuna kupambana amuna anga ayi, ndikungofuna kudziwa mwana wanga uja ali kuti.

Mnyamata wa ku Gowa: Pepani mayi, ndikanadziwa sindikanayankhula mwaukali chonchija. Pa ichi palibe mkangano, Marko 10:14 Yesu anati Ufumu wa Mulungu ndi wa ana otere, ndipo sanafunse ngati anabatizidwa.

Mkulu wampingo, Mlanda: Mwana wanga, amene anakunong'oneza uja analakwa, ndipo chimenecho si chiphunzitso cha mpingo wathu. Madzi sapulumutsa, amapulumutsa ndi Khristu. Tsegula 2 Samueli 12. Mwana wa Davide anamwalira tsiku la 7, mwina asanafike pa tsiku la mdulidwe, koma pa vesi 23 Davide akuti iye ndi amene adzapita kwa mwanayo. Ukapite kwa abusa ako uwafotokozere zonsezi mmene walembera pano, za amuna ako ndi za mwana woyamba yemwe.

Mayi wa ku Bembeke: Ndalira ine. Ngakhale katekisimu wathu pa ndime 1261 amati ana otere timawapereka ku chifundo cha Mulungu ndi chiyembekezo. Inenso ndinaika wanga mu 2016, ndikudziwa usiku umene ukunena mchemwali.

Mwini funso: Ndawerenga 2 Samueli 12 katatu, ndawatumiziranso amuna anga sanayankhe koma zaoneka kuti awerenga. Za mwana woyamba sitinakambiranepo ndi iwo chimuikireni. Malume ndawaimbira akuti abwera Loweruka akachoka kokumba mbatata. Funso lina bambo a ku Mlanda, ngati tagwirizana zodikira mpaka amuna anga abwere Disembala, dzina analembetsa mayi lija ndikalichotsa bwanji, ndipite kwa akulu ampingo kapena kwa abusa?