Ana ndi Zidzukulu za Agogo ku Mitundu: za njinga ya Chisomo

Lachitatu

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Zithunzi zitatu ndatumizazo ndi njinga yamoto ija ndinakuuzani pa chinkhoswe. Royal Enfield Classic 350. Mwini wake akuchoka mdziko muno mwezi wamawa, akufuna 6.5 miliyoni. Ine ndili ndi 2.8, ku SACCO yakuntchito andipatsa 2. Ndikupempha thumba la banja lindibwereke 1.7, ndizibweza mwezi ndi mwezi.

Thoko: Eee koma ndi yokongola. Nyali yozungulirayo ndi thankiyo basi ngati yamakedzana

Bambo Tadala: Masipeya ake mukawapeza kuti?

Chisomo: Amalume ndifotokoze kaye. Panopa ndimakwera minibasi zinayi pa tsiku, Chinsapo kukafika ku depoti, depoti kukafika ku Kanengo, madzulo chimodzimodzi. Ndimadzuka 4 koloko. Ndi njinga ndingodzera bypass, kutulukira ku Gateway, Kaunda Road kudutsa pa stadium, ndafika, osalowa nkomwe mtauni. Loweruka bypass yomweyo yanditulutsira pa Bunda turn-off, mankhwala a agogo afika tsiku lomwelo, osadikiranso kuti apezeke wopita.

Bambo Tadala: Zonsezo ndamva. Masipeya mukawapeza kuti?

Tadala: Tisanapite patali, mthumba muli K1,260,000. Si 1.7. Ikanakwana ndendende onse akanakhala kuti ali bwino, chifukwa zotsalira ndi K440,000. Sinditchula maina lero.

Nachisale: Tchula mwanawe, tazolowera kutchulidwa

Mayi Chisomo: Ine za ndalama ndilibe nazo mawu. Langa ndi limodzi, mthuthuthu ndimauopa. Pitani ku Kamuzu Central mukaone anyamata a kabaza mmene agonera ndi miyendo yomangidwa. Mwana ndili naye wamwamuna ndi yemweyu.

Chisomo: Amayi a kabaza ambiri amanyamula anthu awiri atatu, opanda helemeti, ena laisensi alibe. Ine ndikaphunzira bwinobwino ku sukulu yoyendetsa.

Mayi Chisomo: Wa minibasi akamakhota mwadzidzidzi kuti atole munthu samafunsa ngati uli ndi laisensi

Limbani: Abale kuno ku 49 magetsi azima chiyambire mmawa, kwanuko aliko?

Nachisale: Ku Kawale ayaka 3 koloko

Thoko: Kuno ayi. Nyama ya mufiriji ndangoiwamba

Tadala: Achimwene a Limbani poti mwaoneka, Januwale, Febuluwale ndi Malichi.

Lachinayi

Nachisale: Mwadzuka bwanji banja. Ambuye akutsogolereni tsiku lalero

Bambo a Faith: Pepani dzulo ndinali pansi pa galimoto mpaka usiku. Alamu ndaziona zithunzi. Njingayo ndi yabwino, imapangidwa ku India, injini yake 349cc, ya pisitoni imodzi, siithamanga mopenga, imayenda modekha. Thanki malita 13, ndipo pa lita imodzi mudutsa makilomita 30. Pa tala mudzasangalala nayo. Koma ndinene zoona monga makaniko. Choyamba ndi kulemera, ili pa 195 kg. Boxer ya akabaza siifika ngakhale 130. Msewu wa kwa agogo ukangochoka pa Mitundu trading mu Febuluwale mumaudziwa. Ikakugwerani mmatope muja muli nokha, kuidzutsa ndi ntchito.

Chisomo: Nthawi ya mvula ndikhoza kumaisiya pa trading

Bambo a Faith: Kuisiya kwa ndani njinga ya 6.5 miliyoni? Chachiwiri, za mtundu watsopanowu zilibe kiki, ndi sitata basi. Batire ikafooka mwaima. Komanso ilibe kabureta, mafuta amapopedwa ndi pampu yamagetsi ya mthanki. Kabureta mnyamata aliyense wa pansi pa mtengo amaimasula, kuitsuka, mwapita. Pampu ija ikamwa petulo wa mzigubu wosakaniza uja timagula mafuta akasowa, muyitanitsa kunja ndipo mudikira.

Bambo Tadala: Mwamva? Ndi zimene ndikufunsa kuyambira dzulo. Masipeya. Zungulirani Malangalanga yonse, pitani ku Biwi, mundipezere shopu imodzi yokha.

Chisomo: Mwini wake akusiyira mafyuluta a oyilo anayi, tcheni ndi masiproketi atsopano, ndi mapadi a mabuleki

Bambo Tadala: Zikatha?

Thoko: Achimwene a Yamikani angamatitumizire kuchokera ku Joni, mabasi amabwera sabata iliyonse

Tadala: A Yamikani amene akuwerenga mauthenga onsewa osayankha? Miyezi 11.

Nachisale: Musiyeni mwana wanga, kunja nkovuta. Mapepala ake sanatuluke

Bambo Tadala: Achemwali ifenso tinamva zomwezo nthawi ya chiliza. Sindionjezera.

Nachisale: Ndiye musaonjezeredi. Ena pano malata aja sitinafunse

Mayi Chisomo: Chonde abale pali ana pano

Tadala: Poti zafika apa ndingolemba. Aliyense K20,000 pa mwezi monga tinagwirizana.
Yamikani miyezi 11, K220,000
Azakhali aang'ono miyezi 5, K100,000
Limbani miyezi 3, K60,000
Adadi miyezi 3, K60,000
Ena nonse muli bwino. Airtel Money kapena Mpamba, manambala ndi omwe aja.

Bambo Tadala: Yanga ndinanena kuti ikudikira fodya

Tadala: Ndangolemba adadi

Limbani watuluka pagulu

Thoko: Ayi zoona?

Nachisale: Mwina foni yavuta

Tadala: Ndimubwezeramo madzulo

Mayi Chisomo: Kodi ufa wa agogo anapititsa ndani mwezi uno? Dzulo pa foni amati watsala wa masiku awiri. Ndi mankhwala a BP atsala a sabata imodzi.

Thoko: Chimanga chilipo, wosowa ndi wopita nacho kuchigayo. Ndamutumizira mtsikana uja ya chigayo

Nachisale: Mtsikana ameneyonso malipiro ake akwana Lolemba

Tadala: Achoka mthumba momwemo, K50,000. Ndiye muone, tikapereka zonse ku njinga, agogo akadwala usiku galimoto tidzalipira ndi chiyani? Thumbali tinaliyambitsa chifukwa cha usiku uja.

Chisomo: Asuweni ndikumva. Koma mankhwala atsala a sabata imodziwo, pakanakhala njinga bwenzi nkhani yatha kale. Paja mwezi watha anakhala masiku anayi osamwa.

Bambo Tadala: Palibe akukana njinga. Tikukana njinga IMENEYO. Masipeya mukawapeza kuti?

Lachisanu

Chisomo: Usiku sindinagone. Ndinene chilungamo. Boxer ndikudziwa kuti ndi yotsika mtengo ndipo masipeya ali paliponse. Koma tsiku loyamba kuiona njinga ija ndinakumbuka chithunzi chili pakhoma kwa agogo, agogo aamuna atakhala pa mthuthuthu wawo, nyali yozungulira, chikwama cha mabuku kumbuyo. Ine sindinawaone ali moyo. Ndimafuna ndizifika pakhomo paja chomwecho.

Thoko: Chisomo wandiliza

Nachisale: Ankamveka ali kutsidya kwa dambo. Tonse timathamangira ku msewu

Bambo Tadala: Mphwanga, mthuthuthu umenewo ine ndinaukwera kumbuyo kupita ku sukulu. Inali Honda yaing'ono ya boma, ya alangizi a zaulimi. Bambo ankaimasula okha Lamulungu masana pansi pa mango, zida zake sipanala zitatu ndi pulaya, ine ndikugwirira mabawuti mchipewa. Sinagonepo kuthengo. Imene ukufunayo yangofanana nkhope.

Bambo a Faith: Apo apongozi anena. Ndipo alamu njira ilipo. Injini ya Honda CG125 ija ndi imene mafakitale ambiri a ku China anatengera, njinga zambiri za 125 ndi 150 mukuziona mtaunimu mkati mwake ndi yomweyo. Zina zimabwera kale ndi nyali yozungulira, mawilo a masipoko, mpando wautali wosalala. Tikapeza yamapepala abwino, ine ndikuikirani mpando wachikopa chofiirira ndi magalasi ozungulira, penti ndipopera ndekha. Kiki ilipo, kabureta ilipo, pulagi mugula ngakhale pa Mitundu. Ndalama zanu ndi za SACCO zikhoza kukwana osakhudza thumba.

Chisomo: Koma mphamvu alamu, pa bypass ndi mathiraki aja

Bambo a Faith: 150 imakwana, bola kukhala kumanzere kwanu osalimbana nawo. Chachikulu mapepala. Zambiri zotchipa zimalowa kuchokera ku Mozambique opanda msonkho, apolisi akakuimitsani yapita. Tione blue book, nambala ya chasisi ifanane, tikasinthe umwini ku Road Traffic, COF (pepala loti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi. Laisensi mutenge code A, chifukwa A1 imathera pa 125cc. Ikupatsani mpata mukadzafuna yaikulu mtsogolo.

Mayi Chisomo: Ine mtima sunakhazikike. Koma ngati zili choncho, helemeti yotseka nkhope yonse, jekete yowala, ndipo usiku ayi. Ukaweruka mochedwa ugone kwa Thoko ku 25.

Thoko: Chipinda chilipo

Tadala: Ndiye ndilembe kuti thumba silikhudzidwa? Kapena tithandize helemeti ndi sukulu yoyendetsa yokha? Aliyense ayankhe, tisadzamve zina mawa.

Nachisale: Helemeti ndi sukulu ndavomera

Mayi Chisomo: Ndavomera

Thoko: Ifenso

Tadala waonjezera Limbani

Limbani: Pepani foni inagwera mmadzi. Nkhani ili pati?

Tadala: Werengani mmwamba. Ndi miyezi itatu ija.

Chisomo: Ndavomera kukaona zing'onozing'onozo. Koma chonde alamu tikaione kaye Enfield ija mawa, ngakhale kungoiliza. Ndinamulonjeza mwini wake kuti ndibwera, sindikufuna kungosowa.

Bambo a Faith: Palibe vuto. 9 koloko tikumane pa Crossroads, tikaione, kenako titsikire ku Biwi kuli ziwiri ndikuzidziwa.

Bambo Tadala: Ndibwera nawo. Ndikamufunse ndekha mwini wakeyo za masipeya.

Yamikani: Moni nonse, netiweki inavuta. Ndatumiza 40,000 kwa Tadala, ina kumapeto kwa mwezi. Chisomo ndiuze saizi ya mutu, helemeti ndigula kuno ndipatsira wa basi.

Nachisale: Mwaona

Tadala: Yafika. Yatsala 180,000. Nanga mankhwala a agogo apita ndi ndani mawa, poti nonse mukupita ku Biwi?

Mayi Chisomo: Ndikwera minibasi ndipite ndekha. Thoko undipatse shuga ndi sopo uja madzulo ano.